Adzukulu a moto a m'midzi ya ku Germany

Kumudzi kukagwa zovuta, palibe amene amathamangira kumsika kukafuna aganyu oti akumbe manda. Uthenga ukafika kwa amfumu, iwo n'kulengeza, basi. Tambala woyamba akamalira mumamva makasu ndi mapiki akugundana pa kanjira kolowera kumsitu. Amenewo ndi adzukulu. Wina ndi mlimi wa fodya, wina amakhoma zidebe, wina ndi wakabaza, wina ali ndi kaokala pamphambano. Dzulo aliyense anali pa zake, lero asiya zonse. Malipiro palibe, kupatula nsima ya kumanda ija ndi nkhuku imene amaiwerenga ziwalo kuti aone ngati amayi kukhitchini sanabise chiphwaphwa. Chodabwitsa n'choti ntchito yawo siisokonekera. Amadziwa woyeza ndi bango, woyamba kugwetsa khasu, wolowa pansi kukakonza chipinda, ndi wothamanga kukauza akumpanda kuti kunyumba kwatheka. Palibe anawalembera zimenezi papepala. Anaziphunzira ali anyamata, ataima pambali n'kumatumidwa madzi.

Tsopano m'mudzi womwewo, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, denga la udzu la khitchini ya wina ligwire moto. Mfuu imamveka, ndipo anthu omwe aja amabwera ndi mtima womwe uja. Koma taonani zimene zimachitika. Anthu asanu alimbirana ndowa imodzi. Wina akuthira madzi pakhoma pamene moto uli kudenga. Wina wathyola nthambi zaziwisi, wina akufuula kuti gwetsani nkhokwe, wina akufunsa ngati ana onse atuluka koma palibe akumuyankha. Kumjigo kuli mzere wa zigubu, ndipo wopopa watopa. Pofika nthawi yoti wina aganize zosasula denga la nyumba yoyandikana nayo, mphepo yatenga kale lawi n'kukaliponya komweko. M'mawa timaima pa phulusa n'kumati tinayesetsa. Zoonadi tinayesetsa. Koma maliro tinawakonzera mwambo, pamene moto timangokumana nawo ngati mlendo wofika usiku.

Anthu a ku Germany anachita ndi moto zimene ife tinachita ndi maliro. M'dziko lawo la anthu oposa 83 miliyoni, ozimitsa moto olembedwa ntchito, olandira malipiro pakutha pa mwezi, amapezeka makamaka m'mizinda ikuluikulu monga Berlin, Hamburg ndi Munich, ndipo magulu otero angopitirira pang'ono 100. Kwina konseko, m'matauni ang'onoang'ono ndi m'midzi, moto umazimitsidwa ndi anthu ongodzipereka. Iwo amatcha gulu lotere Freiwillige Feuerwehr, kutanthauza gulu lolimbana ndi moto mwa kufuna kwawo. Magulu amenewa alipo oposa 20,000, ndipo anthu ake ndi pafupifupi 1 miliyoni. Chiwerengero cha maguluwa chimaposa cha makhonsolo a dzikolo, chifukwa khonsolo imodzi ikhoza kukhala ndi midzi ingapo, ndipo mudzi uliwonse umakakamira kukhala ndi gulu lake ndi kanyumba kake kosungiramo galimoto yofiira yozimitsira moto.

Munthu angafunse kuti dziko lolemera chonchi, lopanga Mercedes ndi BMW, lingalephere bwanji kulemba ntchito ozimitsa moto? Yankho lake n'lofanana ndi chifukwa chimene mudzi wathu sulipira adzukulu pamwezi. Mudzi wa anthu mazana angapo ukhoza kutha miyezi osaona moto waukulu. Koma kuti pakhale anthu odikirira usana ndi usiku, Lamlungu ndi pa Khirisimasi pomwe, pamafunika magulu osinthana angapo, ndipo onsewo azidya ndalama za msonkho akungoyang'ana khoma. Kuwaika m'tauni imodzi kuti azitumikira midzi yonse yozungulira n'kosathandizanso, chifukwa moto sudikira wochokera kutali. M'zigawo zina za dzikolo, monga Bavaria ndi Hesse, muyeso wake ndi woti thandizo lifike m'mphindi 10. Mphindi khumi n'zochepa kuposa nthawi yophikira nsima ya banja. Munthu amene angafike panthawi yotero ndi amene amagona m'mudzi momwemo.

Si kuti anayamba ndi nzeru zimenezi. Kalelo nawonso ankachita zathu zomwezi. M'mizinda yambiri lamulo linkati nyumba iliyonse izisunga ndowa yachikopa, ndipo belu la tchalitchi likalira aliyense azithamangira kumoto. Anthu ankandandalikana kuchokera pachitsime kapena kumtsinje n'kumapatsirana ndowa. Khamu linkakhalapo, koma dongosolo linkasowa. Mu Meyi 1842 mzinda wa Hamburg unayaka masiku angapo, anthu 51 anafa, ndipo pafupifupi 20,000 anasowa pogona. Anthu anayamba kuona kuti kuchuluka kwa manja pakokha sikuzimitsa moto.

Chimene chinasintha maganizo a ambiri chinachitika patapita zaka zisanu. M'katauni ka Durlach, pafupi ndi Karlsruhe, katswiri wa zomangamanga dzina lake Christian Hengst anali atasonkhanitsa amuna pafupifupi 50 mu 1846. Anali ndi pampu yopopa ndi manja yopangidwa ndi Carl Metz wa ku Heidelberg, ndipo chachilendo pa iwo chinali chakuti ankachita zoyeserera kulibe moto. Ankakwera makwerero, kutambasula mapaipi ndi kumvera mawu a mtsogoleri mmodzi, mobwerezabwereza, mpaka aliyense atadziwa malo ake. Ndikukhulupirira kuti panali ena owaseka, monga mmene tingasekere akuluakulu othira madzi nyumba yosayaka. Pa 28 Febuluwale 1847 nyumba yaikulu ya zisudzo ya ku Karlsruhe inagwira moto muli anthu, ndipo oposa 60 anafera momwemo. Amuna a ku Durlach aja anafika ndi pampu yawo. Nyumba ya zisudzoyo sakanatha kuipulumutsa, koma anatchinga moto kuti usalowe m'nyumba zoyandikana nayo, ndipo anthu anaona ndi maso kusiyana kwa gulu lophunzitsidwa ndi khamu la ndowa. Mbiri inawanda, matauni ena anayamba kutsanzira, ndipo mu 1853 atsogoleri a magulu otere anakumana ku Plochingen ataitanidwa ndi Conrad Dietrich Magirus wa ku Ulm. Mpaka lero dzina la Magirus limaoneka pa makwerero a magalimoto ozimitsira moto.

Masiku ano zimayenda chonchi. Munthu akaona moto amaimba 112. Foniyo siifikira kumudzi, imafikira ku ofesi ya dera lonse, kumene kuli anthu olembedwa ntchito amene amafunsa kuti kwachitika chiyani, kuti, ndipo kodi muli anthu m'katimo. Amenewa ali ngati amfumu olandira uthenga wa maliro. Akangodina batani, tizipangizo tolira timene odzipereka amayenda nato m'lamba kapena kuika pamutu pa bedi timayamba kusokosera, ndipo masiku ano uthengawo umafikanso pafoni. M'midzi yambiri sairini ya padenga imaliranso, kulira kwa mphindi imodzi kodukiza kawiri. Wophika buledi amasiya ufa, makaniko amatuluka pansi pa galimoto, mlimi amazimitsa thirakitala, mayi amene anali kusukulu kukatenga mwana amaimbira mnzake kuti amutengere. Onse amathamangira ku kanyumba kaja, kumene aliyense ali ndi malo ake opachikapo jekete, buluku, jombo ndi chipewa cholimba. Ofika msanga ndiwo amakwera galimoto yoyamba. Ku Austria, kumene mwambo wake ndi womwewu, sairini amaiyesa Loweruka lililonse 12 koloko masana, moti anthu a kumeneko amaizolowera ngati belu la kusukulu.

Apa m'pamene ukulu wa nkhaniyi uli, ndipo m'pamene pamafanana kwambiri ndi kumanda. Gulu lathunthu lopita kumoto limakhala la anthu 9, ndipo mpando umene munthu wakhalapo m'galimoto umamuuza ntchito yake asanatsike. Pali mtsogoleri, amene akafika amazungulira nyumba kuti aone mmene zilili asanalamule chilichonse. Pali woyendetsa galimoto, amene ndiyenso woyang'anira pampu. Pali wamthenga. Otsalawo asanu ndi mmodzi amagawika awiriawiri: awiri olowa kukalimbana ndi moto ndi kupulumutsa anthu, awiri obweretsa madzi, awiri oyala mapaipi. Palibe amene amalowa m'nyumba yoyaka ali yekha, ndipo awiri akalowa pamayenera kukhala ena awiri panja ovala kale zonse, odikirira kukawatulutsa zinthu zikavuta. Chifukwa cha dongosolo limeneli, anthu a m'midzi iwiri yosiyana akhoza kukumana pamoto umodzi n'kugwira ntchito ngati anakulira limodzi, monga mmene mdzukulu wa mudzi wina amangofika kumanda n'kulandira khasu popanda kufunsa zambiri.

Za madzi ndiye n'zofuna masamu pang'ono. Kagalimoto kamene midzi yambiri ili nako kamanyamula madzi osachepera malita 500. Pa muyeso wathu, amenewo ndi zigubu 25 za malita 20. Zikumveka zambiri kwa munthu amene anasenzapo chigubu kuchokera kumjigo, koma paipi imodzi yaing'ono imalavula malita 100 pa mphindi, ndipo ikatsegulidwa kwambiri imafika 200. Ndiye kuti thanki yonseyo ikhoza kuuma m'mphindi zisanu kapena kucheperapo. Madzi a m'galimoto ali ngati kamba wapaulendo, ongokufikitsa pamene pali chakudya chenicheni. M'mphindi zochepazo awiri a madzi aja amayenera kukhala atalumikiza paipi kumpopi wapamsewu, kapena atatsitsa pampu yonyamula pamanja, imene imafuna anthu anayi kuti ainyamule, n'kukaiika m'mbali mwa mtsinje. N'chifukwa chake midzi yambiri ya kumeneko ili ndi dziwe losungidwa dala pakati pa mudzi. Mlendo amaliona ngati la abakha, koma ndi nkhokwe ya madzi ozimitsira moto. Famu ikakhala patali, amalumikiza mapaipi a mamita 20 limodzi ndi linzake mpaka kufika, n'kuika mapampu ena panjira kuti madzi asafooke. Ndi mzere wa ndowa womwe uja, kungoti ndowazo zasanduka paipi ndipo sizitayikira.

Chimene ambiri sitidziwa n'choti m'nyumba yoyaka, chopha anthu ochuluka si lawi koma utsi. Tonse tinamvapo za banja limene linalowetsa mbaula ya makala m'chipinda nthawi yozizira, n'kutseka zitseko ndi mawindo, m'mawa osadzuka. Mpweya woipa womwewo umadzaza m'nyumba yoyaka, kuphatikizapo ziphe zina zochokera m'matiresi ndi m'mapulasitiki. Munthu akaupuma kangapo amakomoka asanapse n'komwe. Choncho olowa m'kati amavala chophimba kumaso ndi kubereka botolo la mpweya kumsana, lolemera ngati mwana wa zaka zitatu. Mpweyawo umatha pafupifupi m'theka la ola, ndipo munthu akamagwira ntchito yolemetsa umatha msanga. Panja pamakhala wina wolemba nthawi imene aliyense walowa ndi kumawafunsa pa wailesi kuti mpweya watsala wochuluka bwanji. Amene amaloledwa kubereka botololi ndi wa zaka 18 kupita m'tsogolo, amene dokotala wamuyeza mtima ndi mapapo, ndipo kuyezako kumabwerezedwa pakapita zaka zingapo.

Zonsezi munthu sabadwa nazo. Wolowa kumene amayamba ndi maphunziro a maola osachepera 70, madzulo akaweruka kuntchito ndi Loweruka, kenako maola ena 80 m'zaka ziwiri zotsatira. Za botolo la mpweya zili ndi maphunziro ake, za wailesi ake, za pampu ake, ndipo ofuna kutsogolera amapita kusukulu ya ozimitsa moto ya chigawo chawo. Akamaliza sapuma, chifukwa chaka chilichonse amayembekezeka kuchita zoyeserera maola osachepera 40. Zina zimene amaphunzira mayi aliyense wa kwathu angazimve mosavuta. Mphika umakhala pa mafuwa atatu, ndipo ukachotsa limodzi umagwa. Moto nawo umaima pa zinthu zitatu: choyaka, mpweya ndi kutentha. Madzi amachotsa kutentha. Mchenga, dothi kapena chivundikiro chimatsekereza mpweya. Kulambula udzu kuzungulira nkhokwe kapena munda wa mitengo kumachotsa choyaka, paja amati moto umapita kumene kwatsala tchire. Wozimitsa moto wabwino ndi amene amadziwa fuwa loyenera kuchotsa. Mafuta a mandasi kapena a tchipisi akayaka m'chiwaya, kuthirapo madzi n'kuitana tsoka, chifukwa lita imodzi ya madzi ikasanduka nthunzi imakula kufika malita pafupifupi 1,700, ndipo imaponya mafuta oyakawo kumaso ndi kudenga. Pamenepo chofunika n'kuvundikira ndi kuchotsa nkhuni. Magulu a ku Germany amakonda kuonetsa zimenezi pabwalo, pamaso pa anthu a m'mudzi, kuti aone okha lawi likukwera kuposa nyumba.

Tsono pali bodza limodzi lokoma limene tiyenera kulipewa, loti zonsezi zimayenda ndi mtima wabwino wokha. Ngakhale adzukulu sakumba ndi zala. Pamakhala makasu, pamakhala ufa umene mabanja asonkha, pamakhala mfumu imene mawu ake ali ndi mphamvu. Ku Germany nakonso munthu amapereka nthawi ndi thupi lake kwaulere, koma zina zonse zili ndi mwini wake. Chilichonse mwa zigawo 16 za dzikolo chili ndi lamulo lake la zamoto, ndipo malamulowo amakakamiza khonsolo kukhala ndi gulu lozimitsa moto lokwanira dera lake. Khonsolo ndiyo imagula galimoto, zovala ndi mapaipi, ndiyo imamanga kanyumba kaja ndi kulipira maphunziro. Wodzipereka akavulala pantchitoyi amakhala pa inshuwalansi yokhazikitsidwa ndi lamulo. Mtsogoleri wa gulu amasankhidwa ndi anzake, koma khonsolo imamuvomereza, ndipo akakhala pamoto mawu ake amamveka ngati a boma.

Mbali imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya mabwana. Tonse timadziwa kuvuta kwake kopempha tchuthi cha maliro kuntchito, makamaka ukapempha kachitatu mwezi umodzi. Kumeneko lamulo limati kachipangizo kaja kakalira nthawi ya ntchito, bwana amumasule munthuyo, asamudule malipiro ndipo asamuchotse ntchito pa chifukwa chimenecho. Bwanayo akhoza kukapempha khonsolo kuti imubwezere ndalama za maola amene wantchito wake anali kumoto. Sindikunena kuti mabwana onse amamwetulira. Mwini kagalaji amene ali ndi amakaniko atatu, awiri n'kuthawira kumoto kasitomala akudikira, sangasangalale. Koma nayenso amadziwa kuti galaji yake ili ndi mafuta ndi matayala. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Dzina loti ozimitsa moto limabisanso zambiri, chifukwa maulendo ochuluka amene amaitanidwa sakhala a moto. Galimoto zikawombana pamsewu wapafupi ndi mudzi, ndi iwo amene amadula zitsulo kuti atulutse ovulala. Mphepo ikagwetsa mtengo pamsewu usiku, ndi iwo. Madzi akalowa m'zipinda zapansi, ng'ombe ikagwera m'dzenje, nkhalamba ikadzitsekera m'nyumba osayankha, ndi iwo omwewo. Ndipo poti ndi a m'mudzi momwemo, nthawi zina amene akumutulutsa m'galimoto yophwanyikayo ndi mnzawo wa kusukulu kapena mwana wa mlongo wawo. Apa ndiye ndi adzukulu enieni, onyamula munthu amene ankamudziwa. Usiku wa pa 14 Julayi 2021 madzi osefukira anasesa kumadzulo kwa Germany, anthu oposa 180 anafa, ndipo oposa 130 mwa iwo anali a m'chigwa cha mtsinje wa Ahr. Ambiri mwa amene anayamba kupulumutsa anthu anali odzipereka a m'midzi yomweyo, ena nyumba zawo zikumira. Ozimitsa moto ena anafera pantchitoyo, monga wa ku tauni ya Altena amene anakokoloka atangopulumutsa munthu.

Nanga n'chiyani chimapangitsa munthu kudzuka 2 koloko usiku, kunja kukugwa chipale chofewa, popanda cholowa m'thumba? Ambiri amakuliramo. Pali gulu la achinyamata lotchedwa Jugendfeuerwehr, limene m'zigawo zambiri mwana amalowa ali ndi zaka 10, ndipo kwina kuli timagulu ta ana ocheperapo. Amaphunzira kukulunga mapaipi, kumanga mfundo za zingwe ndi kuthandiza wovulala, amapikisana ndi midzi ina, amakagona m'matenti nthawi ya tchuthi. Sapita kumoto weniweni, monga mmene mnyamata wamng'ono saloledwa kulowa m'dzenje koma amatumidwa kukatenga madzi. Akamakula amangopezeka ali m'gulu la akulu, mmene munali bambo ake ndi agogo ake. Amayi nawo akulowa, ngakhale kuti akadali ochepa, pafupifupi mmodzi pa anthu khumi alionse.

Chinanso n'choti gululi ndilo mtima wa mudzi. M'midzi ina sitolo inatsekedwa, positi ofesi inasamuka, sukulu inaphatikizidwa ndi ya mudzi wina, koma kanyumba ka galimoto yofiira kakadalipo. Kamodzi pachaka amakonza chikondwerero cha nyama yootcha, mowa ndi bandi, ndipo phindu lake limathandiza pa zosowa za gulu. Kumadera a Akatolika amakumbukira Florian Woyera pa 4 Meyi, msilikali wa Aroma amene anamizidwa mumtsinje wa Enns m'chaka cha 304, amene pazithunzi amaoneka akuthira ndowa ya madzi pa nyumba yoyaka. Dzina lake ndi limene magalimoto awo amaitanirana pa wailesi. Anthu ena amawanena kuti ndi kalabu ya mowa yokhala ndi galimoto. Ifenso timawanena adzukulu kuti amakonda nsima ndi nthabwala zosayenera pamalo achisoni. Koma amene anagwirapo ntchito yoopsa kapena yomvetsa chisoni amadziwa chifukwa chake anthu otere amafuna kudyera ndi kusekera limodzi.

Mavuto alipo, ndipo lalikulu ndi lomwe likuvutitsa midzi yathu. Anthu sagwiranso ntchito kumene amagona. Kale mlimi, wosula zitsulo ndi wogaya tirigu ankapezeka m'mudzi tsiku lonse. Lero ambiri amadzuka m'mawa n'kupita kukagwira ntchito kutauni, makilomita ambiri kutali. Moto wa usiku kapena wa Loweruka umapeza anthu okwanira, koma wa Lachiwiri 10 koloko m'mawa ukhoza kupeza anthu atatu okha. Choncho masana amaitana midzi iwiri kapena itatu nthawi imodzi, amalimbikitsa ogwira ntchito kukhonsolo kuti alowe m'gulu, ndipo amalola munthu kukhala m'magulu awiri, la kumene amagona ndi la kumene amagwira ntchito. Tikamadandaula kuti maliro a pakati pa sabata akusowa okumba chifukwa anyamata ali kutauni kapena ku Joni, tikunena nkhani yomweyi.

Odzipereka akasoweratu, lamulo limatulutsa mano. Khonsolo ili ndi mphamvu yokhazikitsa gulu lokakamiza, lotchedwa Pflichtfeuerwehr, n'kulembera makalata anthu a m'deralo amene ali ndi zaka zoyenera kuti alowe, afune asafune, ndipo wokana popanda chifukwa chomveka amalipitsidwa chindapusa. Sizichitika kawirikawiri, koma zinachitikapo, monga m'mudzi wa List pa chilumba cha Sylt mu 2005. Ena amati ndiye kudziperekako kuli pati? Kwa ine funso limeneli silivuta. Kwathu palibe amene amakugwira pakhosi kuti upite kumanda, koma yesani kujomba maliro atatu otsatizana muone ngati amfumu sakuitanitsani nkhuku, kapena tsiku la zovuta zanu adzukulu sakhala pansi n'kukupatsani khasu kuti muyambe nokha. Ufulu ulipo, koma kumbuyo kwake kuli udindo umene mudzi sungalole kuti ugwe.

Fanizo langali lili ndi pothera pake. Maliro amapatsa anthu usiku wathunthu wokonzekera, pamene moto umapereka mphindi. Kumanda kulakwitsa muyeso kumangochedwetsa mwambo, pamene kumoto kulakwitsa kumawonjezera maliro. Khasu lili m'nyumba iliyonse, koma galimoto yozimitsira moto ndi ya ndalama zimene mudzi wathu sungazilote, ndipo pamafunikanso misewu yodutsika ndi mipopi yokhala ndi madzi. Kwathu kuno ozimitsa moto timawadziwira m'mizinda monga Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndi pa mabwalo a ndege. Munthu wa kumudzi wakutali amene chigafa chake chayaka, kapena amene moto wa osaka mbewa walowa m'munda wake wa mitengo, sayembekezera sairini iliyonse. Kungotenga za ku Germany n'kuziika pano mmene zilili kungakhale kudzinamiza.

Komabe sindivomereza zoti tilibe poyambira. Chovuta kwambiri pa zonsezi, chimene mayiko ena amachifuna osachipeza, ndi anthu ozolowera kusiya zawo n'kuthamangira tsoka la mnzawo popanda kufunsa malipiro, ndipo chimenecho tili nacho kale. Chimene tikusowa ndi kukhala pansi kusanapse, pabwalo la amfumu, n'kugwirizana kuti mfuu ikamveka ndani awerenge ana, ndani apope pamjigo ndipo adzasinthana ndi ndani, ndani akwere kukasasula denga loyandikana, makwerero ndi mchenga zizikhala kwa yani, ndipo mawu omaliza ndi a ndani. Kenako kuyeserera, ngakhale kamodzi chilimwe chisanafike, anthu aseke mmene angasekere. Amuna a ku Durlach aja anali pafupifupi 50 okha, ndi pampu imodzi yopopa ndi manja, ndipo pa nthawiyo galimoto inali isanapangidwe n'komwe.